Lachisanu la Mayi Dikirani Pang'ono

Pakampanipo panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira alonda a pageti mpaka mabwana a m'zipinda zam'mwamba, onse ankangoti Mayi Dikirani Pang'ono, chifukwa mawu amenewo ndiwo anakhala akutuluka pakamwa pawo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali yoyankha foni. Ankakhala pakhomo lolandirira alendo, kuseri kwa tebulo lalitali lokhota, pakati pa duwa lapulasitiki ndi buku losainamo alendo. Patsogolo pawo panali chifoni cha mabatani makumi atatu, batani lililonse ndi kanyali kake kofiira.

Analowa ntchitoyi ali mtsikana, atavala siketi yobwereka kwa achemwali awo. Mabwana aakulu asanu ndi mmodzi anabwera n'kupita, makoma anasintha penti kanayi, koma mawu oyamba amene munthu ankamva akaimba pakampanipo anali omwewo. Mayiwo ankadziwa anthu ndi kapumidwe kokha. Munthu asananene kanthu iwo adziwa kale kuti uyu ndi kasitomala wokwiya, uyu ndi mkazi wa bwana wofuna kumva ngati bamboo afikadi kuntchito, uyu ndi wofuna ntchito amene wachita kubwereka foni kwa mnansi. Ankadziwanso chinthu chimene sichinalembedwe m'buku lililonse la kampani: woyankha foni akhoza kukutsegulira khomo, akhozanso kukusiya panja mpaka utatopa wekha, osanena bodza ngakhale limodzi.

Kunyumba anali awiri okha, iwo ndi achemwali awo aja. Bambo a kunyumba anamwalira kalekale, ana awiri anakula n'kupita kokadzisakira moyo. Achemwaliwo ndi amene anawalera makolo atatsikira kulichete. Anali mayi wa pakamwa, wogulitsa zovala pamsika, woti akaseka ngakhale a kumzere wa tomato ankatembenuka. Zaka zitatu m'mbuyomo sitiroko inawagwetsa ali pabenchi lawo. Inatenga dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu onse aja.

Chaka choyamba chinali chaka cha kiyi. M'mawa uliwonse Mayi Dikirani ankasambitsa achemwali, kuwadyetsa, kuwakhazika pafupi ndi zenera, madzi ndi wailesi n'kuika kudzanja lamanzere. Akatero ankatuluka n'kukhoma chitseko. Kukhomera munthu wamkulu, munthu amene anakulera, ngati mbuzi m'khola! Tsiku lina pobwera kuntchito anawapeza pansi, chigwereni m'mawa, wailesi ikungodziimbira. Achemwali sanalire. Anangoyang'anitsitsa kiyi amene anali m'dzanja la mng'ono wawo. Kuyambira tsiku limenelo Mayi Dikirani ankadana naye kiyiyo monga momwe munthu amadanirana ndi munthu mnzake.

Chinawapulumutsa ndi kagulu kena ka m'dera lawo lomwelo, kosamalira anthu ofa ziwalo masana abale awo ali kuntchito. Anakayambitsa ndi namwino wina wopuma pantchito, amene aliyense ankangomutchula kuti Anamwino, m'nyumba yomwe kale inali yosungiramo katundu. Munali mabedi atatu, zitsulo ziwiri zogwirira pophunzira kuyenda, mipira yofinya m'manja, ndi odwala khumi ndi awiri. M'menemo achemwali anaphunzira kuimirira. Anayambanso kutola mawu, limodzilimodzi, movutikira. Mayi Dikirani ankawakankha pachikuku m'mawa, madzulo n'kukawatenga, ndipo chitseko cha kunyumba chinkakhomedwa mulibe munthu.

Ndiye mwezi umenewo pachitseko cha gululo panamatidwa pepala. Linati nyumbayo ilibe chilolezo chosungiramo odwala, ndipo ngati woyendera nyumba sabwera kudzaiona ndi kusaina pofika Lachitatu lomaliza la mweziwo, itsekedwe. Anamwino anapita kanayi ku ofesi yoona zimenezo. Kanayi konseko anabwerako ndi mawu amodzi: bwana kulibe, mubwere mawa.

Nthawi yomweyo kampani inalengeza zatsopano. Lachisanu lililonse masana, antchito aluso aziloledwa kusiya madesiki awo kukathandiza mabungwe ang'onoang'ono a m'madera, aliyense ndi luso lake. Anaika bokosi loti anthu aponyemo maina a mabungwe. Mayi Dikirani anaponyamo dzina la gulu la Anamwino, osauza munthu kuti kumeneko kuli mbale wawo, chifukwa sankafuna chisoni cha munthu. Mwamwayi gululo linasankhidwa. Tsiku lomwelo anatenga fomu ya ofuna kukathandiza n'kuilemba bwinobwino.

Woona za antchito anali bambo wa mapewa opapatiza amene anthu ankamutcha Bwana Ndondomeko, poti sankatha kupempha ngakhale kapu ya tiyi osatchulapo mawu amenewo. Anatsika yekha ndi fomuyo m'manja.

"Mayi, apa pa luso mwalemba kuti chiyani?"

"Kuyankha foni, bwana."

"Ndaona. Komatu apa tikufuna luso lenileni. Zamalamulo, zamakompyuta, zomangamanga, zoterozo. Foni aliyense amayankha. Ngakhale mwana wanga wa zaka zinayi amayankha."

"Amalumikizanso?"

Bwana Ndondomeko anaseka ngati wamva nthabwala, n'kusiya fomuyo pambali pa duwa lapulasitiki lija. "Ndondomeko yake ndi imeneyo, mayi. Tsiku lodzapenta makoma tidzakuuzani."

Zinawapweteka, tisabise. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, munthu n'kukuyerekeza ndi mwana wa kumkaka! Koma anameza malovu. Mumtima anati bola chitseko cha Anamwino chija chisatsekedwe, kaya athandize ndani.

Lachisanu loyamba ananyamuka atatu pa minibasi ya kampani, atavala matisheti ofanana. Sanali anthu oipa, ndipo anagwiradi ntchito. Wa makompyuta anakonza mndandanda wa odwala ndi mankhwala awo. Wa zomangamanga anayeza khomo n'kuuza Anamwino pofunika kuikapo chitsulo chogwirira. Loya wa kampani, bambo wachinyamata wa nsapato zowala, ndiye anatenga nkhani ya chilolezo. Analemba kalata ya masamba atatu kwa mkulu wa ofesi ija, kumutchula dzina ndi maudindo ake onse. Anamwino anati kalatayo inali yokongola moti ankachita mantha kuipinda.

Sabata inatha, yankho kulibe. Inayamba yachiwiri, zii.

Lachinayi la sabata yachiwiriyo batani la loya linayaka. "Mayi, ndilumikizeni ndi ofesi ya zilolezo ija."

Anaimba. Lamulo la ntchito yawo linali loti mbali inayo ikangoyankha, iwo achokepo. Koma tsiku limenelo chala chinachita ulesi. Anamva mawu a mayi wotopa akupereka moni ndi kufunsa kuti athandize chiyani. Kenako anamva loya, wopanda ndi moni womwe.

"Ndipatseni munthu waudindo. Sindinaimbire inu."

Kenako mayi uja anati, "Dikirani pang'ono."

Mayi Dikirani anagwira pamtima. Mawu amenewo ali ndi kanenedwe kawiri, ndipo iwo ankadziwa konse. Pali kamene kamatanthauza kuti ndikukufunirani munthu. Palinso kamene kamatanthauza kuti mukhala pomwepo mpaka tsitsi lichite imvi. Kanyali ka loya kanakhala kofiira mphindi zisanu ndi imodzi, kenako kanazima. Anadula yekha.

Pa nthawi yoweruka anamuimitsa loyayo akutuluka. "Aloya, mayi uja mukanayamba mwam'patsa moni."

"Nkhaniyi ndi ya malamulo, mayi, si ya moni. Anthu a kumeneko ndi aulesi basi. Ndilemba kalata ina yaukali."

Madzulo amenewo, pokankha chikuku kutuluka m'nyumba ya gulu, achemwali anaponda pansi ndi mwendo wamanzere, chikuku n'kuima. Analoza pepala la pachitseko. Kenako analoza chikwama cha mng'ono wawo, m'mene munkakhala kiyi. Pakamwa panagwedezeka nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Ki...yi... ayi."

"Ndamva, achemwali."

"A...yi!"

"Ndati ndamva. Sindidzakukhomeraninso."

Analonjeza asakudziwa kuti achita bwanji. Kunatsala Lachisanu limodzi.

Litafika, itangokwana thwelofu, minibasi inaima pakhomo ndipo a matisheti anayamba kutsika masitepe. Mayi Dikirani anavula mahedifoni, anatenga chikwama, anaimirira. Bwana Ndondomeko anali pomwepo ndi mndandanda wake, akuchonga maina.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kukathandiza, bwana. Lero ndi Lachisanu."

"Simuli pamndandanda."

"Mundilemba ndikabwerako."

"Nanga foni ayankha ndani?"

"Aliyense amayankha, munanena nokha." Anaika mahedifoni aja m'manja mwa bwanayo, n'kuwakokera mpando. "Khalani apa. Kakayaka kofiira mudine. Zikakuvutani muitanitse mwana wanu uja."

Mlonda wa pakhomo anayang'ana kudenga, masaya akunjenjemera. Bwana Ndondomeko anatsitsa mawu. "Mukudziwa kuti ndikhoza kukulemberani kalata yochenjeza?"

"Lembani, bwana, cholembera chili apo. Kumene akupita awa kuli achemwali anga, amene anandilera. Akatseka nyumba ija ndiye kuti ine ndiziwakhomera m'nyumba tsiku lonse ngati kale. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

Anakwera minibasi osacheuka. Kumbuyo kwawo foni inali itayamba kale kulira.

Atafika sanafune zambiri. Anapempha mpando, kope, cholembera ndi kafoni kam'manja ka Anamwino, kamene kanali komanga ndi labala kuti batire lisagwe. Anakhala pansi, kafoni pamiyendo, osaimba. Loya anayang'ana wotchi yake kawiri.

"Mayi, nthawitu ikupita."

"Panopa akudya. Munthu wanjala sathandiza mnzake. Ndiimba ikatsala pang'ono kukwana thuu, atakhuta, mabwana ake asanabwere kudzamusokoneza."

Nthawi itakwana anaimba, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Anayankha mayi yemwe uja.

"Mwaswera bwanji, amayi? Pepani ndakuimbirani mutangokhala pansi kumene. Ine ndine mnzanu wa ntchito yomweyo, ndimayankha foni pakampani ina. Dzulo munthu wathu anakuyankhulani mwachipongwe. Ndinamva ndi makutu anga. Ndaimba kuti ndipepese."

Mayi uja anafunsa, "Wa chizungu chambiri uja?"

"Yemweyo. Ali pompano, akumva."

Mbali inayo kunamveka kuseka kwa munthu amene sanaseke chiyambire m'mawa. Loya anayang'ana nsapato zake zowala zija.

"Ine sindikufuna bwana wanu," anapitiriza Mayi Dikirani. "Ndikufuna inuyo, poti zonse zimadutsa pa inu. Kuno kuli odwala khumi ndi awiri ofa ziwalo, mmodzi ndi mchemwali wanga. Lachitatu atitsekera ngati woyendera nyumba sabwera. Tandiuzeni, munthu amatani kuti nyumba yake iyenderedwe?"

"Nyumba yake ili kuti?"

Anafotokoza. Anamva cholembera chikukanda pepala.

"Dikirani pang'ono."

Mayi Dikirani anatseka maso. Kameneka kanali kanenedwe kena kaja.

Zinatha mphindi khumi. Zinatha makumi awiri. Odwala analeka kufinya mipira, wina anaima pakati pa zitsulo zophunzirira kuyenda osafuna kusuntha phazi. Loya anayenda uku ndi uku, kenako sanapirire.

"Adula amenewo. Tingotaya nthawi."

"Sanadule. Tamverani bwino. Mukumva fani ikuzungulira? Foni aisiya patebulo, iwo apita wapansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, aloya. Pantchito yathu wodula foni ndiye wagonja."

Kafoni kanalira kuti moto watsala pang'ono kutha. Wa makompyuta anathamangira ku chikwama chake, anatulutsa chingwe, anagwada pansi n'kukagwirira kafoniko kuti labala lisasunthe. Anakhala chigwadire pomwepo ngati wofunsira mbeta, palibe anaseka.

Patatha mphindi makumi anayi, mawu anabwerera, mayi uja akupuma mwawefuwefu. Anali atakwera masitepe n'kutsika. Kalata yokongola ija, anati, ili m'thireyi ya bwana wamkulu, yosatsegula, chifukwa kalata yolembedwa dzina la bwanayo palibe wina amaigwira, ndipo bwanayo ali kutali mpaka mwezi wamawa. Komanso oyendera nyumba sayendera makalata. Amayendera buku limene limakhala ndi kalaliki wa m'chipinda cha kumapeto kwa khonde. Amene sanalembedwe m'bukumo, ngakhale alembe masamba khumi, kwake sikufika munthu.

"Kalanga ine," anatero Anamwino chapansipansi. "Ine kanayi konse ndimangofunsa bwana."

"Ndakulembetsani Lachiwiri m'mawa, pali wina wasintha tsiku," anatero mayi uja. "Koma galimoto yathu ili kugalaja. Woyenderayo mukamutenge nokha."

"Ndikamutenga ine," anatero loya, mawu atachepa.

Mayi Dikirani anamulozera kafoni kaja. "Aloya, perekani moni."

Ndipo bambo wa masamba atatu uja anawerama pa kafoni komanga ndi labala, n'kufunsa mayi wosamudziwa kuti waswera bwanji, ndi kunyumba ali bwanji. Anachita chibwibwi, koma anafika nako kumapeto.

Lolemba m'mawa kalata yochenjeza inali ikuwadikira patebulo. Nkhani ya Lachisanu inali itafika kale paliponse. Akuti Bwana Ndondomeko anadula bwana wamkulu wa kampani kawiri, analumikiza kasitomala wokwiya ndi kukhitchini, ndipo pofika folo koloko anali atavula tayi. Mayi Dikirani anawerenga kalatayo mpaka kumapeto, anasaina mosanjenjemera, anakwera nayo okha ku ofesi ya Bwana Ndondomeko. Pamwamba pake anasanjikapo fomu yatsopano, ndipo pa luso analemba zomwe zija.

"Lachisanu likubwerali ndikupitanso, bwana. Ndikukaphunzitsa amayi a kumeneko kuimba foni m'maofesi. Mupeze wokhala pampando wanga nthawi ilipo, ndimuonetse mabatani."

Bwana Ndondomeko anaiwerenga fomuyo. Sanavomere, sanakane. Fomuyo sanaibweze.

Lachiwiri woyendera nyumba anabweradi pa galimoto ya loya. Anayeza makomo, anatsegula mipope, anagwedeza chitsulo chogwirira chimene wa zomangamanga anaikitsa, n'kupita osanena kuti zili bwino kapena ayi. Anangoti yankho akalitenge mawa.

Lachitatu m'mawa pepala lija linali likadali pachitseko. Mayi Dikirani anasiya achemwali m'manja mwa Anamwino monga mwa masiku onse, ndipo iwo ndi achemwaliwo sanayang'anane m'maso. Kuntchito anayankha mafoni ndi mawu awo a nthawi zonse, koma mtima unali m'chikwama, pamene panali kiyi. Ngati zakanika, mawa m'mawa adzawauza chiyani achemwali pakhomo paja?

Cha m'ma leveni kanayaka kanyali ka foni yochokera kunja. Anadina, anapereka moni wa kampani. Mbali inayo sikunamveke mawu, koma kupuma kokha, kolemera, kokokera mbali imodzi. Mayi Dikirani anakuzindikira nthawi yomweyo. Chigwereni pabenchi paja, munthu ameneyu anali asanaimbepo foni.

"Achemwali?"

"A...sa..."

Kanyali kena kanayaka. Kenako kena. Kenako ka Bwana Ndondomeko, ndi ka bwana wamkulu kumapeto kwa mzere, kamene pa zaka zonsezo sikanayakepo kawiri osayankhidwa.

"A...sai...na."

"Asaina? Achemwali, asaina?"

"Pe...pala..." Kupuma kunatalika. Kumbuyo kunkamveka Anamwino akuwalimbikitsa, ndi anthu ena akuomba m'manja mosagwirizana, ena ndi dzanja limodzi pantchafu. "Nda...ng'amba. I...ne."

Misozi inatsika mpaka pa kolala ya bulauzi, ndipo Mayi Dikirani sanaipukute. Anapisa dzanja m'chikwama, anatulutsa kiyi uja, anamuika patebulo pambali pa duwa lapulasitiki. Chifoni chonse chinali chitafiira. Anadina batani la bwana wamkulu, anati, "Dikirani pang'ono, bwana," n'kubwerera pomwe anali.

Mbali inayo pakamwa panali pakulimbanabe ndi liwu lina, ndipo zinkamveka kuti litenga nthawi.

"Yankhulani, achemwali, musafulumire. Enawa adikira."